Phando Loyamba la Mfumu Gomelani

Mu ufumu wa Dikirani munalibe chinthu chololedwa kuyamba chokha. Mlatho ukatha kumangidwa, anthu ankapitiriza kuwoloka pansi pake madzi ali m'chiuno, kudikira kuti Mfumu Gomelani Wachiwiri ibwere ndi sizasi yake idzadule kansalu. Mjigo ukakumbidwa unkavala unyolo mpaka tsiku la mwambo. Mfumuyi inatsegulirapo masukulu opanda denga, zipatala zopanda mankhwala, ndi chimbudzi cha pamsika chimene inachitsegulira kawiri chifukwa ulendo woyamba amayi ovina anachepa. Eni dziko ankanena kuti kwawoko ngakhale khanda likabadwa limayamba layang'ana uku ndi uku, kuona ngati mlendo wolemekezeka wafika, kenako nkulira.

Tsiku lina ku likulu la dzikolo, mzinda wa Pamthunzi, a Khutamo, Nduna ya Makasu ndi Mitambo, anatulukira chinthu chochititsa manyazi. Anaimirira m'Nyumba ya Malamulo, imene anthu ankangoitcha Nyumba ya M'manja chifukwa cha ntchito yaikulu yochitika m'menemo, nkuulula kuti chaka ndi chaka alimi akhala akubzala popanda wowatsegulira. Mvula ingogwa, iwo nkutenga mbewu nkuyamba, ngati dziko lilibe mwini. Aphungu anagwira pakamwa. Ambiri a iwo anali atakhalitsa m'tauni moti sankadziwa kuti chipongwe chotere chikuchitika kwawo komwe.

Lamulo la Phando Loyamba linadutsa dzuwa lisanapendeke. Linkati munthu asayerekeze kuika mbewu m'nthaka Mfumu isanabzale phando loyamba pa mwambo wa dziko lonse, ndipo wolakwira alandidwe munda. Phungu wina watsopano, amene anali asanazolowere ntchito, anafunsa kuti nanga mvula ikayamba mwambo usanachitike zikhala bwanji. A Khutamo anamuyamikira chifukwa cha funso lanzeru, ndipo pomwepo anaonjezera ndime yakuti mvula yogwa mwambo usanachitike ndi yongoyeserera, boma siliidziwa. Otsutsa boma anatsutsa mwamphamvu mpaka atawatsimikizira kuti pa mwambowo nawonso adzakhala mu shedi. Atatero onse anaomba m'manja nkupita kukadya.

Kutali ndi Pamthunzi, kumene msewu wa tala umathera nkuyamba wa malonjezo, kuli mudzi wa Tsalani. Kumeneko kunali mayi wina, Nangozo, amene anali ndi chinthu chimene anansi ake onse analibe: chimanga cha makolo, chija cha njere zolimba zamawangamawanga, chokonoleka bwino, chimene anankafumbwe amachiyesa nkuchisiya. Mbewuyo anamusiyira ndi mayi ake, iwonso anawasiyira ndi awo. Anzake anali atataya yawo kalekale, nthawi imene boma linawauza kuti mbewu yeniyeni ndi ya m'pepala. Nangozo sanatsutsane ndi boma. Anangopitiriza kumangirira zikonyo zake kudenga la khitchini, mu utsi, chaka ndi chaka. Sanali munthu wa ndale. Ankangochikonda chimanga chakecho, ndipo akachigwira ankakumbuka manja a mayi ake.

Mayi akewo anamusiyiranso kabzalidwe kake. Mvula yobzalira ikagwa yokwanira, mbewu umaitonola nkuiviika m'madzi kuti ifufume, mawa lake nkuibzala, imere msanga mbewa ndi nkhwali zisanaidziwe. Choncho mvula itagwa ya mkokomo chaka chimenecho, Nangozo anatsitsa zikonyo zonse, anatonolera m'lichero, anakhuthulira mu ndowa ya madzi, nkupita ku msika kukagula mpini wa khasu.

Ku msikako ndi kumene lamulo linamupeza. Galimoto ya boma inaima pakati pa ogulitsa tomato ndi ogulitsa matemba, chimkuzamawu chili padenga, nkulengeza zonse, ndi ndime ya mvula yongoyeserera yomwe. Anthu anamvetsera matope ali m'mapazi. Mkulu wina wosoka nsapato anafinya malaya ake nkunena kuti ngati kumeneku ndi kuyeserera, tsiku lenilenilo padzafunika mabwato. Mayi wogulitsa thelere anafunsa a pagalimoto ngati udzu nawo auuza za lamuloli, poti kumunda kwake unali utayamba kale popanda chilolezo. A pagalimoto anati funsolo alipititsa kwa akuluakulu. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha, chifukwa munthu wa ku Tsalani ukamulanda munda wamulanda zonse. Nangozo sanaseke konse. Maganizo ake anali pa ndowa ija.

Mwamuna wake, Lufeyo, anali munthu wabwino koma woopa boma kuposa njoka. Atamva nkhaniyo anamulangiza kuti aiyanike mbewuyo padzuwa ibwerere mwakale.

"Abambo, mbewu ikamwa madzi siibwerera m'mbuyo," anatero Nangozo. "Mawa ikhale m'nthaka, apo ayi iolera mu ndowamo."

"Nanga munda, Nangozo? Akatilanda tidzalima pakhonde?"

"Munda wopanda mbewu ndi bwalo la mpira."

M'mawa mwake amayi onse a m'mudzi anaitanidwa ku bwalo la sukulu kukaphunzira nyimbo za mwambo. Nangozo anamanga mpango kuzungulira nsagwada nkutumiza mawu kuti dzino lamusowetsa mtendere. Anzake akuimba za Mfumu yobweretsa zokolola, iye anali kuyenda m'munda mwake wopanda khasu, ngati munthu wongoyendera mizere. Ankaponda ndi chidendene, njere nkugwa kuchokera m'kathumba ka pansi pa chitenje, phazi linalo nkukwirira. Pomwe amayi ankabwerera mawu atasasa, ndowa inali itavundikiridwa pathandala, yotsuka bwinobwino.

Mwambo uja sunachitike msanga. Poyamba ankadikira jombo za Mfumu zimene anaziitanitsa kunja, ndipo zitafika zinapezeka kuti zonse ndi za kumanzere. Kenako osula anachedwa kumaliza khasu lagolide. Khasu litatha, nsalu za amayi ovina zinatuluka ku fakitale nkhope ya Mfumu itapindika, mphuno ili pafupi ndi khutu, ndipo panalibe nduna yolimba mtima yoti nkuloleza nsalu yotere kuvinidwa. Pa wailesi a Khutamo ankakumbutsa alimi kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Nthawi yonseyi mvula yongoyeserera inkagwa mokongola, usiku ndi usana, m'minda yopanda kanthu. Udzu, umene funso lake linali lidakali kwa akuluakulu, unakula mosaopa munthu.

Munda wa Nangozo wokha ndi umene unabiriwira mwa mtundu wina. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, ndipo munthu wopita kuchigayo ankachiona ali pamsewu. Woyamba kudzafunsa anali a Kapalamula, mlangizi wa zaulimi wa deralo, amenenso anali mlamu wake poti anakwatira mng'ono wa Nangozo. Anaimika njinga, anayang'ana mundawo kwa nthawi, nkukanda m'mutu.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Udzu, alamu."

"Udzu woyenda pa mizere chonchi, wotalikirana bwino?"

"Udzu wa masiku ano ndi wophunzira."

A Kapalamula anaseka mpaka kugwira chishalo. Anati maso awo akhala akuvuta chaka chino, ndipo zobiriwira zonse amaziona zofanana. Koma asanakwere njinga anamuuza motsitsa mawu kuti apemphere akuluakulu asadutse msewu umenewu, chifukwa a ku Pamthunzi sadziwa kusiyanitsa mapira ndi nsenjere, koma chimanga amachidziwa poti amachiona pa mbendera.

Mvula ikakuona litsiro sikata. A Khutamo anadutsa msewu womwewo, ali pa ulendo wofuna munda woyenera mwambo. Anali atayendera minda yambiri, yonse thengo lokhalokha, losayenera kuti Mfumu ijambulidwepo. Atafika pa Tsalani anaona mizere yowongoka, yopalira bwino, dothi lofewa, nkulamula dalaivala kuti aime. Anati munda ndi umenewu. Vuto linali limodzi: Mfumu siingabzale phando loyamba pakati pa mapando ena.

Anaitanitsa mwini munda, ndipo Nangozo anabwera nkugwada, Lufeyo ali kumbuyo kwake chipewa chili m'manja. A Khutamo anamulankhula mwaulemu kwambiri, monga amachitira akuluakulu akafuna kukupweteka. Anamufotokozera kuti boma ndi lachifundo, ndipo likumupatsa mwayi wosankha yekha. Ngati zomera m'mundamu ndi chimanga, ndiye kuti lamulo laswedwa, munda upita. Ngati ndi udzu, palibe mlandu, boma limuthandiza kupalira.

"Ndiye tiuzeni, amayi. N'chiyani chimenechi?"

Nangozo anayang'ana chimanga chake. Mphepo inkachigwedeza pang'ono, masamba ali bii. Anayang'ana Lufeyo, kenako a Kapalamula, amene ankawerenga zala za kumapazi kwawo.

"Ndi udzu, bwana."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa tsiku limene anaika mayi ake m'manda, chifukwa tsiku lija sananame. Amayi a nyimbo aja anaitanidwa kudzazula. Onse ankadziwa chimene akuzula, ndipo panalibe woimba. Mayi wa thelere anati chibadwire sanazulepo udzu womvetsa chisoni chotere. Mapesi anakwezedwa pa lole kupita ku khola la ng'ombe za a Khutamo, pakuti boma silitaya kanthu.

Mwambo unachitika anthu atadya kale Khirisimasi. Anayala kapeti pakati pa mizere kuti jombo zatsopano zisadetsedwe. Mfumu Gomelani inatsika m'galimoto, inalandira khasu lagolide, inaligwira ngati munthu wogwira mwana wa eni ake, nkukanda nalo pansi. Mtsikana wovala zoyera anabweretsa njere imodzi pa pilo, yonyezimira moti anthu a kumbuyo ankaiona. Mfumu inaiponya m'dzenje, nduna zinakwirira ndi manja awo, ndipo amayi anaimba nthungululu. M'mawu ake Mfumu inati kuyambira lero nthaka ya Dikirani ndi yotsegula, alimi abzale mwaufulu, ndipo mvula nayo ikhoza kuyamba movomerezeka. Mvula, mwina chifukwa chokhumudwa kuti ntchito yake yonse ija inkatchedwa yoyeserera, inadula sabata yomweyo.

Phando la Mfumu analitchingira mpanda, ndipo Nangozo, monga mwini munda, anapatsidwa ulemu wokhala mlonda wake. Ulemuwo unabwera ndi chenjezo lakuti mbewu ya Mfumu siilephera, choncho ikapanda kumera wolakwa ndi mlonda, ndipo chilango chake akuchidziwa. Anthu anabzala mbewu zawo za m'pepala m'dothi louma kale, zina zinamera nkupserera ndi ng'amba, zina sizinavutike nkumera komwe. Pa phando la Mfumu panali zii. A Kapalamula ndi amene anamunong'oneza chifukwa chake: okonza mwambo anaona kuti njere wamba sioneka bwino pa kanema, ndiye anaipaka penti wagolide, anaonjezera polishi, nkuiumitsa pa mbaula. Nangozo anafukula ndi chala nkuipeza ili gone, yonyezimira ngati batani la yunifolomu. Ngakhale chiswe chinali chitailambalala.

Masiku amenewo njala inali italowa kale m'mudzi, ndipo kwa Nangozo ankadya za madeya. Tsiku lina akupeta madeyawo, anaona kanthu katatsakamira pakati pa nsungwi za lichero. Anakatokosa ndi kamtengo ndipo kanagwera m'dzanja lake. Inali njere imodzi yamawangamawanga, imene inatsalira tsiku lija ankatonola, osalowa mu ndowa. Anakhala pansi pomwepo nkulira, chifukwa m'dziko lonse la Dikirani mbewu ya mayi ake inali itatsala yokhayo. Anadziwanso kuti pali malo amodzi okha m'munda mwake amene mbuzi siingafike, wakuba sangayerekeze, ndipo boma silingazule. Masana omwewo analowa mu mpanda wa Mfumu ngati wokapalira, anachotsa batani lija, nkuika njere yake.

Inamera. Nangozo ankatunga madzi kuchitsime m'mawa ndi madzulo kukathirira, ankathira manyowa a nkhuku, ankachotsa mbozi ndi zala. Ngayaye zitatuluka ankazigwedezera pa ndevu za chikonyo ndi dzanja, poti phesi linali lokha, lopanda anzake oti liuzirane nawo mungu. Lufeyo ankamuseka kuti ndi mlimi yekhayo padziko amene amadziwa chimanga chake chonse ndi nkhope. Nangozo ankangopitiriza ntchito yake. Anali atalinganiza kale zonse mumtima: chikonyo chikhwime, chiume pa phesi, Mfumu ijambulitse nacho ngati ikufuna, koma njere zake zikwere kudenga la khitchini. Chaka chamawa mzere umodzi, chaka chinacho kachigawo, kenako munda wonse ngati kale.

Wailesi inalengeza kuti phesi la Mfumu ndi umboni wakuti Lamulo la Phando Loyamba lapindula, ndipo minda ina yauma chifukwa cha ulesi wa eni ake. Nduna zinkabwera kudzajambulitsa zitaligwira phewa. Ataona kupambana kotereku, a Khutamo anabwereranso ku Nyumba ya M'manja ndi maganizo atsopano. Ngati kubzala kumafuna kutsegulira, nanga kudya? Linadutsa Lamulo la Dowe Woyamba, loletsa munthu aliyense kuotcha chimanga chachiwisi Mfumu isanalawe. Ku msika wa Tsalani wosoka nsapato uja anati limeneli ndi lamulo lokoma, chifukwa mudzi wonse unayamba kulisunga lisanapangidwe.

Nangozo atamva, anaganiza za phesi lake. Dowe woti Mfumu ilawe analipo mmodzi yekha m'chigawo chonsecho. Anapita kwa a Kapalamula kukawapempha kuti akamulankhulire, ndipo iwo anayesadi, koma anauzidwa kuti maso awo aja akapitiriza kuvuta akawapumitsa ntchito. Tsiku la mwambo, kapeti atayala kale, Nangozo anadutsa pakati pa asilikali nkukagwada pamaso pa a Khutamo. Anapempha kuti adikire chikonyocho chiume, kapena ngati nkosatheka, achithyole pakati, theka lisiyidwe pa phesi.

"Amayi," anatero a Khutamo, "Mfumu siidya zotsala, ndipo siisiya zotsala. Kondwerani kuti zikuchitikira m'munda mwanu."

Mfumu inadula chikonyo ndi sizasi ija, pakuti chilichonse ku Dikirani chimayamba ndi sizasi. Atasenda makoko, njere zinaoneka zodzaza mpaka kunsonga, zamawangamawanga, zokongola moti amayi achikulire m'khamulo anang'ung'udza pozizindikira. Wophika wa kunyumba yachifumu anachiika pa mbaula. Fungo lake linafika pamene Nangozo anagwada, ndipo linali fungo la pakhomo pa mayi ake. Mfumu Gomelani inali ndi mano abwino. Inayamba kutsinde, inazungulira mwadongosolo, mzere ndi mzere, gulu la apolisi likuimba malipenga, ana a njala akumeza malovu. Itafika kunsonga inabwereranso kuona ngati yaphonya pena.

Kenako inapukuta pakamwa nkuimirira, nkhope ikuwala. Inati yadya chimanga cha m'mayiko ambiri, koma chokoma chotere sichinalowepo m'kamwa mwake, ndipo izi zikuonetsa zimene dzanja lachifumu lingachite likagwira nthaka. Inalamula pomwepo kuti mtundu umenewu uzitchedwa Gomelani Wokoma, ndipo chaka chamawa mlimi aliyense mu ufumu wonse adzabzale umenewu basi, wolephera alandidwe munda. M'manja munaombedwa mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Phokoso litatsika, Mfumu inayang'ana uku ndi uku, nkufunsa kuti mlonda wa phando ali kuti. Anamukankhira kutsogolo.

"Mayi, mwagwira ntchito. Tsopano auzeni anthu anga, mbewu ya mtundu umenewu akaipeza kuti?"

Nangozo anayang'ana chitsononkho chimene chinali pa mbale yasiliva, choyera mbee. Sanakweze mawu.

"Yonse ili ndi inu, Mfumu. Kwina kulibe."

A Khutamo anatembenukira ku khamu nkulengeza kuti anthu amva okha, mbewu ya dziko ili m'manja abwino. Malipenga analira, amayi anavina, magalimoto ananyamuka, kapeti anapindidwa. Wophika pokutumula mbale anataya chitsononkho m'mizere, ndipo Nangozo anachitola. Anachitembenuza mbali zonse, anakanda ndi chikhadabo m'timaenje take, mwina pena panatsala kanjere kosapsa. Panalibe.

Anapita nacho kunyumba, anachimanga ndi luzi, nkuchipachika kudenga la khitchini, mu utsi, pamene zikonyo za mayi ake zinkakhala. Patapita masiku anankafumbwe anabwera monga mwa chizolowezi chawo, anachizungulira chitsononkhocho, nkubwerera.